Moto wa Azakhali Sunali Kudwala

Pa zithunzi zonse za ukwati wa mlongo wanga Lusiya ndimaoneka pa chimodzi chokha, ndipo pamenepo ndavala chipewa chofika m'maso. Anthu akandifunsa ndimati linali dzuwa. Silinali dzuwa. Nkhaniyi ndaisunga mokwanira, ndipo lero ndikuiulula ndi dzanja pachifuwa, kuti wina aliyense wokhala ndi shave yomasulira makina m'thumba ndi chidaliro mumtima aphunzirepo kanthu.

Choyamba mudziwe kuti ine ndine munthu wophunzira. Ndinakhala pa institutu ina ku Lichinga chaka ndi theka, kuphunzira za makina. Sindinalephere ayi, mundimvetse bwino. Ndinangosiya kupita, sukulu nayo sinatume munthu kudzandifuna, ndiye tinasiyana mwamtendere ngati anthu akuluakulu. Kwathu ku Metangula ndinabwerera ndi ovolosi, shave imodzi yomasulira parafuzu (timisomali topota tija), ndi dzina loti Injinyeru. Dzinalo anandipatsa monyoza ndi anzanga a kugombe, koma azakhali anga, a Agnesi, analilandira ndi mtima wonse. (Ndinawakonzerapo wailesi kamodzi. Mabatire anali ataikidwa chozondoka. Sindinawauze.)

Azakhali akhala akuphika pau, buledi wathu uja, mu uvuni wa njerwa ndi nkhuni kuyambira ine ndisanabadwe. Kutentha kwa uvuni amakuyeza ndi mkono: amaulowetsa mpaka m'chigongono, n'kutsinzina, n'kunena kuti pakufunika chikuni chimodzi kapena ayi. Sanalakwitsepo. Koma chaka cha ukwaticho anagula uvuni wa gasi wogwirapo kale ntchito ku nyumba ina ya alendo imene inkatsekedwa ku Chiwanga, pamodzi ndi botizha yake, chibotolo chachitsulo chosungiramo gasi. Chifukwa chake chinali chimodzi basi: bolo ya ukwati, imene anzathu a kutsidya amati keke, ya nsanjika zitatu.

Muyenera kumvetsa kulemera kwa bolo imeneyi. Lusiya ankakwatiwa ku Kobwe, ndipo apongozi ake, amayi a Veronika, ndi munthu amene anaphikira alendo a mishoni zaka zambiri. Mphekesera inali itatsika ndi boti yoti iwo anati atsikana a ku Metangula sadziwa kuphika, amangodziwa kugula. Kaya anaterodi kaya ayi, mawuwo anafika kwathu n'kukhala pampando. Lusiya anakanda yekha ufa wa bolo ija, ndi manja ake, kuti pasadzakhale wonena kanthu. Farinya yabwino (ufa wa tirigu), batala ndi shuga wosalala wokutira pamwamba zinabwera pa shapa, kaminibasi kathu kaja, kuchokera ku Lichinga, zongokwanira ndendende.

Lachisanu m'mawa pabwalo pa azakhali panali ngati pamsika. Amayi a kutchalitchi anali atadzaza m'chipinda chophikira, ena akusenda anyezi, ena akupeta mpunga, onse akuimba. Kuseri kunali Che Omari, mnansi wathu wachikulire, amene timawaitana nthawi zonse kudzazinga mbuzi kuti abale athu achisilamu adye nawo popanda kufunsa mafunso. Ine ndinali nditapatsidwa udindo waukulu wonyamula mabenchi.

"Injinyeru! Tabwera kuno msanga!" anakuwa azakhali. "Moto uwu ukudwala."

Ndinaponya benchi, n'kuthamangira ovolosi kaye (dokotala salowa m'chipinda cha wodwala atavala kabudula), kenako ndinagwada n'kusuzumira pansi pa uvuni. Kumeneko kuli paipi yaitali ya timabowo tambiri, ndipo pa kabowo kalikonse panaima kalawi kabuluu, kafupi, kowongoka, tonse tofanana ngati asilikali a panyanja pa perete. Phokoso lake linali kakunong'ona chabe.

"Waona?" anatero azakhali. "Moto wanji wosaoneka? Kawiri konse ndayesa kuti wazima. Bolo ya mwana wanga ipse ndi timaso ta mphaka timeneti?"

Owerenga anzanga, moto umenewo unali bwino. Unali bwino kwambiri. Lero ndikudziwa. Ngakhale tsiku limenelo, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wanga kunali tsamba lina la kope lojambulidwa malawi awiri, lina labuluu lina lachikasu, limodzi lili ndi chizindikiro choti ndi labwino, linalo ndi mtanda. Koma loti labwino ndi liti, zimenezo anaphunzitsa Lolemba, ndipo ine ndi Lolemba sitinkagwirizana. Ndiye ndinagwiritsa ntchito nzeru zachibadwa. Moto uliwonse umene unandiphikirapo chakudya chibadwire unali wachikasu. Nkhani inathera pomwepo.

Pamene paipi ija imayambira pali kachitsulo kozungulira ngati mphete, komangidwa ndi parafuzu imodzi, ndipo kamatsegula kapena kutseka bowo lolowera mpweya. Ndinakaloza ndi shave, n'kudikira kuti amayi onse asiye kuimba.

"Vuto ndi ili, azakhali. Mphepo ikulowa apa n'kumauziziritsa moto. Uvuniwu unazolowera ku Chiwanga, kuno nyengo ndi ina."

(Kuchokera ku Chiwanga kufika kwathu munthu amapalasa njinga osatuluka thukuta. Palibe anatsutsa.)

Ndinamasula parafuzu, n'kuyamba kutseka mphete ija pang'onopang'ono. Abale inu! Timalawi tija tinayamba kutalika. Nsonga zake zinasanduka zachikasu. Ndinatsekanso, malawi anakwera, anakula, anayamba kunyambita pansi pa uvuni monyada, achikasu ngati mango akupsa. Nditatseka kotheratu, chipinda chonse chinawala. Amayi a Roza, amene amatsogolera nyimbo, anaponya mpeni n'kuliza nthungululu, ena onse n'kulandira. Azakhali anandigwira mutu ndi manja a ufa.

"Uwu ndiye moto! Ndinkanena ine kuti sukulu ija sinapite pachabe!"

Sindiname, mphindi imeneyo ndi imodzi mwa zokoma kwambiri pamoyo wanga. Ndinaima, shave m'dzanja, ndikuyang'ana patali ngati munthu woganizira kale ntchito zina zikuluzikulu.

Pakhomo panaima Che Omari, akupukuta mpeni. Anayang'ana motowo nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "nyali ikayamba kutero, ife timazimitsa."

"Che Omari," ndinayankha mwaulemu wonse, "iyi si nyali ya usipa."

Anangogwedeza mutu n'kubwerera ku mbuzi yawo.

Tsopano mwera unali ukuwomba tsiku limenelo, ndipo malawi anga aataliwo ankapendama uku ndi uku mphepo ikalowa pa zenera. Injinyeru sangalole zimenezo. Ndinalamula kuti mazenera atsekedwe, chitseko chitsekedwe, ndipo pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli ndekha. Azakhali analowetsa nsanjika yaikulu, yapansi, imene inadya theka la zinthu zonse za ku Lichinga. Tinakhala pansi kudikira ulemerero.

Patapita kanthawi nyimbo zinayamba kufooka. Amayi a Roza anayasamula pakati pa vesi. Wina anati mutu ukumuwawa, wina anati nayenso, azakhali anati ndi anyezi. Maso ankatiyabwa tonse. Inenso mutu unkagunda ngati ng'oma, koma ndinayesa kuti ndi mmene zimakhalira munthu akaganiza kwambiri tsiku limodzi.

Chimene chinatipulumutsa ndi telala. Lusiya anali atapita kukayesa diresi, ndipo telalayo, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ntchito yake, anali atamaliza pa nthawi yake. Mlongo wanga anakankha chitseko, chiguduli chija n'kuuluka.

"Mukuotcha matayala muno? Tsegulani mazenera! Amayi a Roza, dzukani! Tulukani nonse!"

Tinatuluka tikudzandira ngati anthu ochokera ku mowa. Amayi awiri anagona pansi pa mtengo, mmodzi anasanza. Apa ndilekeze nthabwala pang'ono. Moto wa gasi ukasowa mpweya umatulutsa mpweya wina woipa, wosaoneka, umene umagonetsa munthu mwaulemu osamudzutsanso. Ine ndinali nditatsekera amayi asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi ndi chinthu chimenecho, ndi chiguduli pansi pa chitseko. Telala uja akanachedwa monga mwa chizolowezi chake, Loweruka tikanasonkhana kutchalitchi komweko koma ndi nyimbo zina.

Azakhali anazimitsa uvuni n'kutulutsa bolo. Inali itapsa, inde. Koma pamwamba pake panali mwaye wakuda bii, wonga ubweya, ndipo makoma a uvuni anali chimodzimodzi. Lusiya anatsinako pang'ono pakati penipeni, pamene mwaye sunafike, n'kulawa. Nkhope yake inandiuza zonse, koma ananenabe.

"Ikukoma ngati utsi wa injini ya boti. Achimwene, mwatani?"

Munthu wanzeru akanagwada pamenepo. Ine ndinamva tsamba la kope lija likutembenuka m'mutu, mtanda uja n'kugwera pa lawi lachikasu, ndipo chisangalalo chinandigwiranso.

"Ndaona vuto! Mpweya unachepa! Dikirani, ndikonza pompano!"

Zoona, apa ndinalondola. Koma ndinaganiza kuti ngati mpweya wochepa ndi woipa, ndiye wambiri ndi wabwino, ndipo wambiri zedi ndi wabwino zedi. Ndinatsegula mphete ija mpaka kumapeto, n'kuwonjezeranso gasi kuti tibweze nthawi yotayika. Nditayatsa, moto unabangula. Malawi anali abuluu ndithu, koma sanafune kukhala pa mabowo awo. Ananyamuka, n'kumavina m'malere chala chimodzi pamwamba pa paipi, akulira fwaaa, kenako phu, anazima onse.

Gasi sanazime. Ankangotuluka, siii, ndipo ine ndinamumva bwinobwino. Koma bokosi la machesi linali litatha. Ndinatuluka kukapempha lina. Azakhali amasunga machesi pa mfundo ya chitenje, ndipo mfundo ya azakhali simasuka mwachangu. Ndinadikira moleza mtima. Ndinabwerera, ndinagwada, ndipo pofuna kuona bwino pamene ndikuyatsa, ndinalowetsa mutu.

Za phokosolo ndinamva kwa ena. Akuti linamveka mpaka kumsika. Chimene ndikukumbukira ine ndi kuwala, kenako ndinapezeka nditakhala pansi kutsidya kwa chipinda, nditatsamira thumba la ufa, thireyi ikuzungulirabe pa simenti. Nkhuku zonse za pabwalo zinali pamwamba pa denga. M'chipindamo munali fungo lodziwika bwino, ndipo kuseri kunamveka mawu a Che Omari:

"Ndani wayamba kuwaula mutu wa mbuzi? Ine sindinamalize kusenda!"

Sunali mutu wa mbuzi. Nsidze zanga zonse ziwiri zinali zitapita, pamodzi ndi tsitsi la patsogolo ndi ndevu zisanu ndi imodzi zimene ndinkazisamala kuyambira Pasaka.

Che Omari atalowa sanandiyang'ane n'komwe. Anapita molunjika ku botizha n'kutseka. Anatsegula chitseko cha uvuni, anatsegula mazenera otsala, n'kutitulutsa tonse.

"Tidikire. Gasi ndi mlendo wosatsanzika, amafuna umupatse nthawi atuluke yekha."

Tinadikira, Lusiya akundithira madzi ozizira kumaso mosandinyengerera konse. Fungo litatheratu, mkuluyo anaitanitsa madzi a sopo n'kupaka polumikizira paipi paliponse, akuyang'ana ngati patuluke thovu. Panalibe. Anatenga kaburashi kakale ka m'mano n'kutsuka mwaye pa kabowo kalikonse. Kenako anatambasula dzanja osatembenuka.

"Injinyeru, shave."

Ndinaipereka ndi manja awiri.

"Ine kusukulu sindinapite," anatero akumasula parafuzu. "Koma mababu a batire asanabwere, nyali zopopa za asodzi onse a gombe lino zinkadutsa m'manja mwanga. Nyali ikasowa mpweya imafiira, imadetsa galasi, usipa subwera. Ukaipatsa wambiri imalira n'kuzima. Moto uli ngati munthu wopalasa bwato, umafuna kupuma mwa muyeso."

Anaika mphete pakati. Anapota pepala lalitali, n'kuliyatsa kaye, n'kulifikitsa pa paipi, ndipo pamenepo m'pamene anatsegula gasi, nkhope ili kutali. Malawi anatuluka abuluu koma a nsonga zachikasu. Anatsegula mphete pang'ono, n'kudikira. Pang'ono, n'kudikira. Chikasu chinatha. Anapitiriza mpaka malawi atayamba kulira ndi kufuna kunyamuka, ndiye anabweza pang'ono, onse n'kukhazikika pa mabowo awo, afupi, owongoka. Anamanga parafuzu. Ndinasuzumira ndi maso anga opanda denga, ndipo ndinaona kuti mphete yaima ndendende pa mzere wa dzimbiri pamene inali m'mawa ndisanaikhudze.

"Aa, Che Omari," anadandaula azakhali, "mwaubwezera ku matenda ake aja."

"Mayi, tsekani uvuni, mudikire pang'ono, ndiye muike mkono wanu uja."

Azakhali anadikira, anaika mkono, anatsinzina. Sanafike n'kuchigongono komwe.

"Ee! Ukuluma!"

Nsanjika ziwiri zotsalazo zinatuluka zofiirira bwino, zonunkhira batala, moti amayi a Roza anadzuka pansi pa mtengo n'kuyambanso nyimbo. Koma zinthu za ku Lichinga zinali zitatha, ndipo shapa yopita n'kubwera tsiku lomwelo panalibe. Bolo ya nsanjika ziwiri pamaso pa amayi a Veronika? Azakhali anayang'ana chimtembo chakuda chija nthawi yaitali, kenako anatenga mpeni n'kuyamba kuchipala.

"Tiikuta ndi shuga, tiika pansi. Imeneyi si bolo, ndi mpando wa bolo. Munthu sadya mpando. Ndipo iwe," anandiloza ndi mpeni, "ntchito yako mawa ndi kuona kuti mpeni usaiyandikire."

Loweruka, pa phwando la ukwati ku Chiwanga, zinthu zinayenda mokoma moti ndinayamba kudzikhululukira. Bolo inaima pa tebulo yoyera mbee, nsanjika zitatu, anthu akuijambula ndi mafoni. Akwati anadula yapamwamba. Lusiya anagwada n'kupereka kachidutswa kwa apongozi ake. Amayi a Veronika anatafuna pang'onopang'ono, aliyense akuwayang'ana, kenako anagwedeza mutu kamodzi. Kamodzi kokha, koma azakhali anavina mpaka duku linagwa.

Tsoka linabwera ndi woyendetsa mwambo, amalume a Tomasi, munthu wa mtima wabwino amene palibe anamuuza chinsinsi chifukwa sasunga mawu. Pamwambo wathu mkwatibwi amapereka nsanjika imodzi kwa apongozi kuti akadye ndi a kumudzi amene sanabwere. Tinali titakonza kuti ikhale yapakati. Amalume anagwira maikolofoni:

"Alendo athu awoloka madzi ambiri kuchokera ku Kobwe! Tiwapatse kakang'ono? Ife a ku Metangula? Ayi! Yaikuluyo!"

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali nditaima pafupi ndi tebulo monga mlonda, koma ndinauzidwa kuletsa mpeni, za maikolofoni panalibe ananena. Lusiya ananyamula mpando uja, anagwada nawo, ndipo akuupereka anandiyang'ana pamwamba pa shuga. Maso amenewo sindidzawaiwala.

"Zikomo mwana wanga," anatero amayi a Veronika. "Iyi ndikaidula mawa tikatuluka Misa, amayi onse a ku Kobwe alawe dzanja la mpongozi wanga."

Boti la a ku Kobwe linkanyamuka dzuwa likadali pamwamba, ndipo linali litaima pamadzi ofika m'chiuno. Ndinadzipereka ndekha kunyamula bolo. Ndinaisenza pamutu pa thireyi yake, khamu lonse likutiperekeza ndi nyimbo, ndipo ndikuyenda ndinkafunafuna mwala woti ndipunthwepo. Amene mukudziwa mchenga wa ku Chiwanga mukudziwa kuti mulibe mwala ngakhale umodzi. Ndinayenera kuupeka. Madzi atafika m'mawondo ndinafuula kuti "Mayo!", n'kudziponya chammbali ndi luso lonse limene ndinali nalo.

Nditadzuka, bolo inali ikuyandama. Thireyi inali itatera bwinobwino ngati bwato, shuga osanyowa n'komwe, ikupita yokha ku boti. Anthu anayamba kukuwa mokondwa kuti yapulumuka. Ndinathamanga kukaipulumutsa, ndipo poipulumutsapo ndinaigwera ndi chifuwa. Ndinaipulumutsanso kachiwiri ndi bondo, mpaka pamadzi panatsala thovu loyera ndi timadontho takuda timene ndinatibalalitsa msanga ndi manja.

Nyimbo zinaima. Ndinatuluka m'madzi suti yobwereka ikuchucha, chipewa chitapita ndi mafunde, nkhope yonse ili poyera.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa amayi a Veronika.

"Ndi mwana wa achimwene anga," anayankha azakhali. "Anapita kusukulu."

"Zikuoneka."

Lusiya anali atabisa nkhope m'chophimba chake, mapewa akugwedezeka. Apongozi ake anayesa kuti akulira, ndipo anamukumbatira pamaso pa anthu onse.

"Usalire, mwana wanga. Bolo yako ndalawa ndekha, ndipo ndikanena ku Kobwe kuti inali yabwino. Za uyu usachite nazo manyazi. Banja lililonse lili naye wake."

Azakhali anakulunga nsanjika yapakati, ndipo amayi a Veronika anainyamula okha pamiyendo. Lusiya asanakwere boti anandidutsa pafupi, maso ali ofiira ndi kuseka, n'kunong'ona osandiyang'ana:

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Koma kwanga mukadzabwera, kophikira musadzalowe."

Ndiye phunziro ndi limeneli, kwa amene akulifuna. Lawi la gasi likakhala labuluu, lalifupi ndi lokhazikika, lisiyeni, silikudwala. Mazenera akhale otsegula. Moto ukazima, tsekani gasi musanapite kukafuna machesi, ndipo mutu wanu usalowe kumene dzanja lokha likanakwanira. Ngati pali mkulu amene wayang'ana ntchito yanu nthawi yaitali osalankhula, mufunseni.

Za ineyo, ku Kobwe ndimadziwika kuti ndine munthu amene anamiza bolo kawiri. Ndikapita kukaona Lusiya, boti likangogunda mchenga amayi amathamangira katundu wawo, ndipo palibe amandilola kugwira ngakhale dengu la tomato. Amuna anzanga amasenza matumba a simenti kukwera nawo mtunda, ine ndikuyenda pambuyo pawo manja ali m'thumba. Ndimayesetsa kuonetsa nkhope ya munthu wolangidwa.